Mlandu Uli M'botolo, Osati pa Chikhadabo

Pa mitundu yonse ya utoto wopaka m'zikhadabo, womwe ambirife timangoutchula kuti Cutex, pali wina umene umachita ngati birimankhwe. Ukayang'ana chikhadabo chili chobiriwira. Mwini wake akangotembenuza dzanja, chafiira ngati mkuwa. Anthu ena amati awa ndi matama chabe a atsikana. Maganizo anga ndi akuti kupaka si mlandu ayi. Mlandu ulipo ndithu, koma uli m'botolomo.

Kusinthasintha kwa mtunduku kumachitika chifukwa cha tizidutswa topyapyala kwambiri timene timakhala ndi timiyalo tosanjikizana. Kuwala kukagwerapo, kwina kumabwerera kuchokera pamwamba, kwina kumalowa n'kubwerera kuchokera pansi, ndipo kukakumana kumazimitsa mitundu ina n'kuwalitsa ina malinga ndi mbali yomwe munthu waima. Zimenezi ndi zomwe timaona pa thovu la sopo, pa mafuta a galimoto atatayikira m'chithaphwi, ngakhalenso pakhosi pa nkhunda. Wonyoza luso lotereli ndiye kuti sanaliyang'anitsitse.

Vuto lagona pa zonyezimira zimene amasakaniza mu utotowu. Zambiri ndi pulasitiki wa mtundu wa PET, yemweyu wa mabotolo a zakumwa, wokutidwa ndi aluminiyamu kenaka n'kudulidwa tinthu ting'onoting'ono. Pulasitikiyu sawola msanga. Utoto ukayamba kukanganuka pochapa kapena potsuka mbale, tinthuti timapita ndi madzi mpaka kumtsinje. Ndipo kwa ife amene timadya nsima ndi manja, kachidutswa kakasowa pachala m'pofunika kudzifunsa kuti kalowera kuti.

Kwathu kuno boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, ndipo nkhaniyo inakafika kukhoti la Supreme mu 2019. Komatu jumbo limaoneka, munthu angathe kulitola. Kanthu kochepa ngati mchenga angakatole ndani? Mu 2023 bungwe la European Union linaletsa kugulitsa zonyezimira zapulasitiki za ufa zokongoletsera zojambula, koma opanga utoto wa m'zikhadabo, wa m'milomo ndi zodzola kumaso linawapatsa mpaka 2035. Zaka 12 ndi zambiri kwa makampani amene akudziwa kale njira zina.

Njirazo sikuti zonse n'zoyera. Mwala wonyezimira wa mica suli pulasitiki, koma m'migodi ina ya ku Jharkhand m'dziko la India komanso ku Madagascar amaukumba ndi ana. Komabe mica wopangidwa m'fakitale alipo, ndipo ziliponso zonyezimira zochokera ku mitengo ya bulugamu zomwe zimawola.

Choncho m'malo modzudzula wophunzira amene wagula kabotolo kamodzi pamsika, tidzudzule opanga amene amalemba mawu akuti polyethylene terephthalate m'tizilembo tofuna galasi lokuzira, ndiponso oitanitsa katundu amene amatibweretsera mabotolo osalembedwa chilichonse cha zomwe zili m'katimo.