Magulu a anyamata aciwembu asintha umoyo wa m'makomboni

LUSAKA – M'makomboni monga Kanyama, Chibolya, George ndi Chawama, dzuwa likangopendeka anthu amayamba kufulumira. Amai ogulitsa pamsika amalongedza katundu nthawi isanakwane, ndipo makolo ambiri salolanso kutuma mwana ku kantemba kukada. Cimene akuopa ndi magulu a anyamata ochedwa ma junkies, amene amalanda mafoni, ndalama ndi zikwama, nthawi zina atanyamula mipeni ndi zikwanje.

Vutoli silinayambe lero. M'caka ca 2018, dziko lonse linadzidzimuka ndi kanema wa gulu la Tokota Boys la ku Kitwe, woonetsa mamembala ake akuzunza mnyamata wacicepere. Apolisi anagwira ambiri a iwo, koma magulu ena anapitiriza kuphuka m'mizinda ina.

Comvetsa cisoni n'cakuti mwana ali mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Ndiye amalandidwa ndalama ya cakudya panjira ya kusukulu, ndipo ndiyenso amakopedwa kulowa m'gulu. Mnyamata amene wamenyedwa kawiri katatu amaona kuti njira yodzitetezera ndi kugwirizana ndi omumenyawo. Akalowa, amaphunzitsidwa camba ndi mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine, ndipo cilakolako ca mankhwalawo ndico cimamutuma kukaba. Atsikana nao amayenda mwamantha popita kukatunga madzi m'mamawa. Boma linayambitsa maphunziro aulere mu 2022, koma mwana woopa njira safika m'kalasi ngakhale sukulu ikhale yaulere.

Apolisi pamodzi ndi bungwe la Drug Enforcement Commission akhala akucita zipikisheni m'makomboniwa, ndipo anthu amapumako masiku angapo. Koma ogwidwa ambiri ndi ana, ndipo mu 2022, caka cimene lamulo la Children's Code Act linakhazikitsidwa, zaka zimene mwana angaimbidwe mlandu zinakwezedwa kucoka pa 8 kufika pa 12. Lamuloli limafuna kuti mwana wolakwa awongoleredwe, osati kungoponyedwa m'ndende pamodzi ndi akuluakulu. Apa ndi pamene pagona vuto, cifukwa malo owongolera ana, monga Katombora ku Kazungula ndi Nakambala ku Mazabuka, ndi owerengeka ndiponso ali kutali ndi Lusaka. Wofuna kusiya mankhwala kawirikawiri amalozeredwa ku cipatala ca Chainama, cimene cili kale ndi odwala ambiri.

Anthu akaona mnyamata amene anagwidwa dzulo akuyendanso m'komboni, cikhulupiriro cao mwa apolisi cimacepa. Ena amayamba kudziweruzira okha milandu pomenya aliyense womuganizira. Womenyedwayo nthawi zambiri amakhala mwana wa mnansi wao, amene amai ake amagulitsa nao pamsika umodzimodzi.