Mafilimu a Makolo Athu Asawolere m'Zitini

Ndapempha danga m'magazini ino kuti ndinenepo maganizo anga pa nkhani ya mafilimu akale, amene agogo athu ankawatcha bayisikopo. Ganizo langa ndi ili: mafilimu amene adajambulidwa m'dziko muno ayenera kukonzedwa msanga, ndipo akakonzedwa abwere nawo kuno kwathu, tidzawaonere pamodzi ndi akuluakulu amene akali ndi moyo.

Poyamba tidziwe kuti filimu yakale siili ngati vidiyo ya pa foni iyayi. Ndi lamba wautali wopyapyala, wokulungidwa ndi kusungidwa m'chitini. Pa lambayo pali tizithunzi tondondozana, ndipo makina amathamangitsa tizithunzi 24 pa sekondi imodzi, kotero kuti maso athu amaona ngati anthu alikuyenda. Malamba ambiri oyamba, kufikira cha m'ma 1950, ankapangidwa ndi mankhwala otchedwa nitrate, amene amayaka moto woopsa. Amene adadza pambuyo pake, a acetate, sayaka msanga, koma ali ndi nthenda yawoyawo. Akakhala pamalo otentha ndi a chinyontho amayamba kununkha ngati viniga, nakwinyika, nauma, mpaka kuthyokathyoka. Ife a ku Mulanje tidziwa bwino ntchito ya chinyontho. Chiperoni ikagwa sabata imodzi yokha, nsapato za kunsi kwa bedi zachita kale chuku. Nanga lamba wa zaka 70 angapirire bwanji?

Musayese kuti ndilikuopseza chabe. Pakati pa 1935 ndi 1937, gulu lotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment lidapanga mafilimu 35 ku Tanganyika, nilimayenda nawo pa galimoto kukaonetsa ku Kenya, ku Uganda, ku Northern Rhodesia ndi kuno ku Nyasaland. Lero atsala atatu okha, ndipo ali ku London. Ngakhale ku America, dziko la ndalama, kafukufuku wa Library of Congress wa mu 2013 adapeza kuti mwa mafilimu 100 alionse aatali a nthawi imene kanema anali wosalankhula, 70 adatayika kotheratu. Anansi athu a ku Mozambique, amene tigawana nawo malire pa Muloza, adaona moto ukutentha mbali yaikulu ya nyumba yawo ya kanema ku Maputo mu 1991.

Tsono mafilimu athu ali kuti? Kuyambira 1948 kufikira 1963 kunali gulu la boma la Atsamunda lotchedwa Central African Film Unit, limene likulu lake linali ku Salisbury, kumene lero tikuti Harare. Gululi linkajambula mafilimu m'maiko atatu, ndiwo Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri, ndipo magalimoto a kanema ankawaonetsa m'midzi usiku. Ambiri a mafilimu amenewo asungidwa ku National Archives ya ku Zimbabwe. Ena okhudza dziko lathu ali ku Britain, ndipo ena ali ku nyumba yathu yosungira mbiri ya dziko ku Zomba. Taonani, nkhope za makolo athu zili balalabalala m'maiko a eni!

Ntchito yokonza filimu ndi ya anthu odekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amisiri amayamba ndi kutsuka lamba ndi kumata pamene padang'ambika. Kenaka makina amajambula kachithunzi kalikonse pakokha, nakalowetsa m'kompyuta. Mmenemo amachotsa fumbi ndi mikwingwirima, nabwezeretsa kuwala kumene kudazilala, nayeretsa mawu. A masamu awerengere okha: filimu ya mphindi 90 ili ndi tizithunzi 129,600. Koma ntchitoyi ndi yotheka, ndipo ilikuchitika mu Africa momwe muno. Mu 2017 bungwe la Film Foundation, limene adaliyambitsa Martin Scorsese, lidagwirizana ndi UNESCO, ndi bungwe la opanga mafilimu a mu Africa la FEPACI, ndiponso amisiri a ku Bologna m'dziko la Italy, kuti akonze mafilimu 50 a mu Africa. Filimu ya Med Hondo wa ku Mauritania yotchedwa Soleil Ô idaonetsedwanso ku Cannes chaka chomwecho, itakonzedwa bwino lomwe. Ngati a ku Mauritania aona zawo zitauka, ife tilekerenji?

Ndidziwa kuti ena a inu mudzanditsutsa. Wina adzati, "Mafilimu a Atsamunda ankatinyoza, ndipo ena ankayamikira Chitaganya chimene makolo athu adachikana. Alekeni awole!" Inde, n'zoona kuti ankasonyeza Mzungu ngati mwini nzeru zonse, ndi munthu wakuda ngati mwana wofunika kumuphunzitsa. Koma wojambula uja sadathe kunama pa zonse. Kumbuyo kwa nkhani yake kuli nyumba zenizeni, zovala zenizeni, makasu, mitondo, magule ndi nkhope za anthu enieni. Ndiponso ife amene tilikuphunzira mbiri ya 1953 kufikira 1963 tiyenera kuona ndi maso athu momwe boma lija linkalankhulira ndi anthu. Chifukwa chake ndikuti powakonza asadulemo kanthu, ngakhale pamene pali powawa, ndipo asawapake mitundu imene munalibe. Mboni siisintha mawu pofuna kukondweretsa bwalo.

Wina adzati, "Ndalama zichokera kuti? Namondwe wa Freddy mu 2023 adagumula milatho, nyumba ndi sukulu m'boma lathu lino, inu muli pa za kanema?" Mawu amenewa ndi olemera, ndipo ine sindinena kuti filimu iposa mlatho. Koma mlatho ukachedwa chaka chino, tidzaumanga chaka chamawa. Filimu ikawola, palibe mmisiri pa dziko lapansi amene angaibwezere. Ndiponso mabungwe othandiza alipo monga ndasonyeza kale, koma mwana wosalira adafera kumsana kwa amake.

Wachitatu adzati, "Akakonza angoika pa intaneti, aliyense aonere pa foni yake." Apa ndiye ndikana kwambiri. Agogo a kwa Mabuka kapena kwa Chikumbu adzaipeza kuti foni ya intaneti ndi ndalama zake? Komanso mafilimu amenewa adapangidwa kuti anthu aonere pa khamu, pa chinsalu chachikulu. Pa khamu m'pamene gogo wina angaimirire nati, "Uyo ndimudziwa, anali kapitao wa ku tiyi," kapena, "Gule uyo sitinkavina motero, adachita kutiuza Mzungu." Mawu otere salembedwa pa chitini. Ali m'mitu ya akuluakulu okha, ndipo mwana amene anali ndi zaka 10 pamene tinkalandira ufulu pa 6 July 1964, lero wapitirira zaka 70. Lamba alikuwola, mboni nazonso zilikutha.

Kwa ife a kuno nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Tiyi adayamba kulimidwa m'boma lino mu 1891, ndipo mibadwo ya anthu athu yathera m'mindamo. Phiri lathu lidalembedwa ndi UNESCO mu 2025 kukhala chuma cha dziko lonse lapansi, koma mikungudza yake yatha ndi macheka ndi moto. Filimu iliyonse yosonyeza phirili, mitsinje ya Likhubula ndi Ruo, kapena anthu othyola tiyi, ndi umboni wa chimene tinali nacho ndi chimene tataya.

Tsono pempho langa ndi ili. Kalabu yathu ya mbiri yakale ilembe kalata, kudzera kwa aphunzitsi aakulu, yopita ku National Archives ku Zomba, kupempha kuti adzationetse mafilimu akale a dziko lathu amene ali okonzeka kuonetsedwa. Tsiku labwino lilipo kale, pakuti UNESCO idapatula 27 October chaka chilichonse kukhala tsiku lokumbukira zithunzi ndi mawu akale. Tidzaitane mafumu ndi agogo a m'midzi yozungulira Boma ndi Chitakale, ndipo wophunzira aliyense adzakhale pambali pa gogo mmodzi, kope ndi pensulo zili m'manja, kulemba maina a anthu, a malo ndi a nyimbo. Zolembazo tidzazitumize ku Zomba kuti zikasungidwe pamodzi ndi mafilimuwo.

Mutu umodzi susenza denga. Amene muli ndi maganizo ena, yankhani m'magazini yotsatira, koma musachedwe, pakuti chinyontho sichidikira kuti timalize kukambirana.

Wophunzira wa Fomu 3