MAU A MLANGIZI: Ulendo wa pa Njinga Kutsikira ku Mua

Sabata ino sindikamba za manyowa kapena za nkhokwe ai. Ndikuuzani za ulendo umene ndinayenda pa njinga m'mwezi wa Julaye, ndili pa chuthi, pamodzi ndi alamu anga ndi mphunzitsi wina wa kwathu kuno ku Dedza.

Tili kumanga akatundu pa kaliyala, anthu anatifunsa kuti, "Kodi kwagwa maliro kuti?" Tinati kulibe maliro, kulibe mlandu, ndiponso sitinatenge malonda, tingofuna kukaona dziko. Anaseka kwambiri. Kwa ife njinga ndi ya kucigayo, ya kucipatala ndi ya kabaza, ndipo munthu wopalasa popanda comuitana amuyesa wosowa nchito. Ine ndemwe ndikwera njinga tsiku ndi tsiku poyendera minda, koma ndinaona kuti zaka zonsezi ndangozungulira midzi imodzimodzi, ndipo malimidwe a anzathu a kunsi kwa phiri ndinangowamvera m'nkhani.

Tinanyamuka m'mamawa, zala zitauma ndi cisanu, pakuti mudzi wa Dedza uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lace lifika mamita 2,198. Tinatsata mseu waukulu wopita ku Ntcheu, umene m'malo ambiri uli malire a dziko lathu ndi Mozambique. Pa Masasa tinapatukira kum'mawa, mu mseu wa ku Golomoti.

Munthu wa pa basi aona minda ngati maloto, koma wa pa njinga aima pamene afuna. Pamtunda paja tinaona madimba a mbatata ya kacewere, kabici ndi tomato. Pa citunda cina panali minda iwiri yogundana. Mwini wa munda woyamba analima mizere yopingasa motsata akalozera, nadzala udzu wa vetiva. Mapesi ace anali akulu, ndipo anawagoneka m'munda osaocha. Mnzace analima mizere yoloza kunsi, ndipo pakati pa munda panali cigwembe cimene alamu anga ataimamo cinawafika m'ciuno. Mvula inagwa imodzi, nthaka inali imodzi. Mau amene ndanena pa misonkhano yambiri, minda iwiri ija inawanena bwino kundiposa, ndipo alamu anga, amene anditsutsa caka ndi caka, anangoti, "Alamu, tiyeni tizipita."

Tsono tinafika pa mtsetse wa Khwekhwelere. Pamenepa mseu utsika mamita pafupifupi 1,000 mokhotakhota, ndipo kutali nyanja ioneka mbuu. Tisanacoke kwathu ndinawauza alamu kuti agule mphira zatsopano za mabuleki, koma iwo anati zakalezo zikali ndi moyo. Pa kona yacitatu ndinamva, "Alamu! Yakana!" Anayesa kuponda tayala la kutsogolo ndi nsapato, njinga inapotoka, ndipo anagwera mu ngalande. Mwai wace kunalibe galimoto, ndiponso anagwera mbali ya phiri, si ya phompho ai. Anasupuka cigongono ndi bondo, handulo inapindika. Mphira zimene anakana kugula mtengo wace sufika pa nkhuku imodzi, koma tikadabwerera kwathu ndi mtembo, ine ndikadanena ciani kwa mlongo wanga?

Tinatsuka zilonda ndi madzi abwino ndi sopo, tinaongola handulo, ndipo ndinawapatsa mphira zapadera zimene ndinatenga. Kucokera pamenepo, malo otsetsereka kwambiri tinatsika ndi kukankha. Palibe manyazi pa kukankha njinga. Akulu anati kuthamanga si kufika.

Kunsi ku Golomoti tinabvula majekete. Dziko linasintha monga tafika kwina: milambe, thonje, cinangwa ndi mbuzi zambiri. Pafupi pomwepo pali malo opangira magetsi a dzuwa, a mamegawati 20, amene anayamba nchito m'caka ca 2022. Koma ine cimene cinandikoka mtima ndi mitengo ya msangu. M'Julaye, mitengo yina ili kuyoyola masamba, msangu uli biriwiri. Mtengo umenewu ucita zosiyana ndi inzace: uyoyola masamba nthawi ya mvula, kotero suphimba cimanga, ndipo masambawo aola nasanduka manyowa pomwepo. Zipatso zace zidyetsa mbuzi ndi ng'ombe m'cilimwe. Mkulu wina anandionetsa mapesi a pansi pa msangu ndi a kutali nawo, ndipo kusiyana kwace sikunalire sikelo. Anati iye salola mwana ali yense kudula msangu m'munda mwace.

Dzuwa litapendeka tinapita kwa a mfumu a mudzi wina kukadzionetsa. Tinanena maina athu, kumene tacokera ndi kumene tili kupita. Anatipatsa malo pa khonde ndi nsima ya utaka, ndipo ife tinasiya shuga ndi mcere pang'ono. Musaiwale mwambo umenewu. Alendo atatu ogona m'chire ndi njinga awayesa akuba, koma odzera kwa mfumu agona mtima uli pansi. Ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Tinakunga maneti athu, cifukwa kunsi kuja kuli udzudzu ngakhale nthawi ya cisanu, ndipo ife a kumapiri malungo atigwira msanga.

M'mawa mwace tinafika ku Mua, pafupi ndi Mtakataka. Mishoni imeneyi anaiyamba ansembe a White Fathers m'caka ca 1902. M'caka ca 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa pomwepo malo a zaluso a KuNgoni, ndipo m'nyumba ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Acewa, Angoni ndi Ayao. Mphunzitsi uja anadzaza kope lonse ndi zokauza ana a sukulu. Azungu alipira ndarama zambiri za ndege kudzaona zimenezi, pamene ife tinafikako ndi miyendo yathu. Tinaonanso minda ya mpunga ya ku Bwanje, ya mahekitala 800, imene imwa madzi a mtsinje wa Namikokwe. Kumeneko ndinaphunzira kuti ulimi wothirira uyenda ndi cimvano: wa kumtunda akatseka ngalande tsiku losayenera, wa kunsi alira.

Tsopano mverani bwino, pakuti apa ndi pamene ulendo wabwino ungathe kubala tsoka. Pobwerera alamu anga anapatsidwa ana awiri a nthoci, nafuna kuwamanga pa kaliyala. Ndinawaletsa, ndipo anakwiya. Koma matenda a cisaka ayenda motero. Nthoci yodwala itulutsa masamba ang'onoang'ono ounjikana pamwamba, ndipo sibala. Nsabwe zakuda zitenga matendawa pa phata lina kunka pa lina, koma wowaolotsa mapiri ndi munthu wonyamula mbeu. Mwana wa nthoci angathe kuoneka wabwino ali nawo kale. Mankhwala ace palibe, koma kuzula phata lonse. Matendawa anaononga nthoci zambiri ku Nkhotakota, Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje. Momwemonso khate la cinangwa liyenda ndi mitengo yodzala. Cifukwa cace pa ulendo tengani nzeru, mbeu isiyeni. Mukafuna mbeu yatsopano funsani mlangizi wa kwanu.

Citunda cija tinacikwera tsiku lathunthu, pena kupalasa, pena kukankha, ndipo tinafika kwathu tsiku lacinai. Sabata yomweyo alamu anabwera kudzabwereka cingwe ca akalozera.

Kwa inu amene mufuna kuyesa, nazi zofunika. Yendani mutatha kukolola, kuyambira Juni kufikira Ogasiti, miseu itauma ndi dzuwa lisanapse. Musayende nokha, awiri kapena atatu ndi bwino. Yang'anani mabuleki, matayala ndi masipoko, ndipo thirani mafuta pa cheni. Tengani mpope, zigamba, sulushoni, sipanala, cubu cimodzi ndi mphira za mabuleki. Tengani madzi ophitsa, neti, ndi kamba monga mbatata yophika ndi mtedza. Pa mtsetse gwirani mabuleki onse awiri musanafike pa kona, ndipo musagwire ya kutsogolo yokha. Yendani kumanzere, motsogozana, osati mondandana, ndipo dzuwa likalowa cokani pa mseu. Musasambe m'madzi oima, muli likodzo.

Si kofunika kuyamba ndi masiku anai. Loweruka limodzi likwana kukaona dimba la mudzi wacitatu kucokera kwanu. Anzathu a kuno ku Dedza angathe kuyamba ndi mapanga a ku Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za Akafula ndi za makolo a Acewa, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wace m'caka ca 2006. Mukabwerako mundilembere zimene mwaona m'minda ya m'njira.

Sabata ya mawa tidzakamba za kamangidwe ka akalozera mvula isanagwe. Tsalani bwino nonse.

Ndine wanu,
MLANGIZI