Digiri Yachiwiri: Ya Zaboma Kapena Ya Zamalonda?

Funso limene layamba kumveka kawirikawiri m'zipinda za aphunzitsi m'sukulu za sekondale za kuno ku Chileka, ku Lunzu mpaka ku Lirangwe ndi lakuti munthu amene ali ndi digiri yoyamba, nafuna kuonjezera maphunziro ake, alowere kuti. Njira zimene zikutchulidwa kwambiri ndi ziwiri. Yoyamba ndi digiri ya kayendetsedwe ka malonda, imene ambiri amaidziwa ndi zilembo zakuti MBA. Yachiwiri ndi digiri ya ndondomeko ndi kayendetsedwe ka boma. Digiri iliyonse mwa ziwirizi imafuna ndalama zambiri pamodzi ndi chaka chimodzi kapena ziwiri za moyo wa munthu, ndipo mphunzitsi wa malipiro a pamwezi sangazikwanitse zonse ziwiri. Akulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Motero nkofunika kuti amene aganiza zolipira aiganizire nkhaniyi modekha asanatulutse ndalama.

Njira ziwirizi nzakale m'dziko muno, ndipo zonse zidayambira m'boma lathu lomwe lino la Blantyre. Kutatsala pang'ono kuti dziko lilandire ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, ku Mpemba kudatsegulidwa sukulu yophunzitsa Amalawi ntchito za boma, kuti alowe m'malo mwa Azungu amene adali kuchoka m'maofesi. M'chaka cha 1967 sukuluyo idakhala nthambi ya Yunivesite ya Malawi, ndipo mu 1973 maphunziro ake adasamukira ku Chancellor College ku Zomba. Ku Chichiri nako, sukulu ya Polytechnic idali kusula amisiri pamodzi ndi odziwa zamalonda ndi kuwerengera ndalama. Mu 2021 Polytechnic idachoka m'Yunivesite ya Malawi nikhala yunivesite payokha, yotchedwa MUBAS, ndipo dzina latsopanolo likutchula za malonda poyera. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa Malawi School of Government pophatikiza sukulu ya ku Mpemba ija ndi Malawi Institute of Management ya ku Lilongwe. Tsono m'zaka ziwiri zotsatizana dziko lidakonzanso sukulu za njira zonse ziwiri, ndipo wophunzira atsala ndi ntchito yosankha.

Kusiyana kwa maphunziro awiriwa kuli pa funso limene aliwonse amaphunzitsa munthu kufunsa. Wa MBA amaphunzira kufunsa kuti kampani iyi ipindule bwanji: katundu agulidwe pa mtengo wanji, agulitsidwe kwa yani, antchito akhale angati, ngongole ya kubanki ibwezedwe motani. Wa zaboma amaphunzira kufunsa kuti ndalama za msonkho, zimene sizikwanira konse, zipite kuti, ndipo lamulo likakhazikitsidwa apindule ndani, alire ndani. Ntchito ya wa MBA imaoneka m'mabuku a kampani pakutha pa chaka, pamene ntchito ya wa zaboma imaonekera patapita zaka zambiri, mwina iye atapuma kale pantchito.

Ife aphunzitsi sitifunika kupita kutali kuti tione kulemera kwa ndondomeko za boma. Mu 1994 boma lidathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. Ganizolo lidali labwino ndithu, koma m'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, pamene zipinda, mabuku ndi aphunzitsi zidali zosakonzeka. Padalembedwa aphunzitsi zikwi zambiri osapita ku koleji, ana adaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo ana omwewo atafika pa khomo la sekondale, boma mu 1998 lidasandutsa sukulu zamakalata za MCDE kukhala sukulu zoyendera za CDSS, zambiri mwa izo zopanda chipinda cha sayansi ngakhale nyumba ya mabuku. Amene amaphunzitsa m'sukulu zotere akudziwa kuti zotsatira zake tikali kulimbana nazo kufikira lero. Vuto limeneli lidafunika munthu wodziwa kuwerengetsa kuti ana akachuluka motere, aphunzitsi afunika angati ndipo ndalama zichokera kuti. Katswiri wa malonda sakadathandiza kwenikweni.

Komabe pali mavuto ena amene adafunika wa malonda. Bungwe la ADMARC, limene lidayamba mu 1971, lidali ndi misika m'madera onse a dziko, koma lidalephera kwa nthawi yaitali kugula mbewu panthawi yake ndi kubweza ngongole, kufikira boma lidaliimitsa mu 2022 nilichotsa antchito. Kampani ya Air Malawi, imene ndege zake tidazolowera kuziona pa bwalo la Chileka, idatha mu 2013 chifukwa cha ngongole, ndipo kampani imene idalowa m'malo mwake mu 2014 idakhala ya boma magawo 51 pa 100, otsalawo nakhala a Ethiopian Airlines. Njanji imene imadutsa pa Lirangwe idaperekedwa m'manja mwa kampani ya CEAR mu 1999. Madzi ambiri a mumzinda wa Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, nadutsa pa makina a pa Chileka, ndipo mtengo wa magetsi opopera ndi umene umalemetsa bungwe la madzi. Tikayang'anitsitsa zitsanzo zimenezi tiona kuti m'Malawi muno malire a boma ndi malonda ndi osaoneka bwino. Wolemba mgwirizano wa njanji m'malo mwa boma ayenera kudziwa maganizo a wamalonda, apo ayi adzanyengedwa. Woyendetsa bungwe la madzi ayenera kudziwa kuti mtengo wa madzi suikidwa monga mtengo wa sopo.

Tsono mwayi wa ntchito uli mbali iti? Apa mpofunika kunena mosabisa kuti mbali zonse zili ndi mavuto. Kwa zaka zambiri odziwa ndondomeko za boma ndi chitukuko adali kupeza malipiro abwino m'mabungwe othandizidwa ndi maiko akunja. Mu 2025 boma la America lidaimitsa ntchito za USAID, ndipo anthu ambiri ophunzira bwino adapezeka ali pakhomo. M'boma namo digiri yachiwiri siikweza munthu yokha. Kukwera kumadikira kuti mpando upezeke ndi kuti munthu apambane mayeso a pakamwa. Mipata iliponso m'makhonsolo, amene lamulo la 1998 lidawapatsa mphamvu zambiri, ndi m'mabungwe ngati National Planning Commission, imene ikuyang'anira masomphenya a Malawi 2063 okhazikitsidwa mu 2021, koma mipata yotereyi njowerengeka.

Mbali ya malonda nayo yakumana ndi zokhoma. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, niitsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, pamene dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Mu 2024 Banki Yaikulu ya dziko idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 pa 100. Kampani imene ikusowa ndalama zakunja zoitanitsira katundu, nikongola pa chiwongoladzanja chotere, siilemba mabwana atsopano. Chodabwitsa nchakuti amene amaika mitengo imeneyi ndi a mbali ya zaboma aja, kotero kuti wa MBA, ngakhale akhale wochenjera motani, malonda ake amatsata zimene iwo agamula.

Maganizo anga ndi akuti munthu asankhe poyang'ana ntchito imene wagwira kale, osati ofesi imene amailakalaka. MBA idapangidwira anthu amene ayamba kale kuyang'anira ndalama, katundu kapena antchito, ndipo phindu lake lalikulu limachokera m'kukambirana ndi anzako a m'mabanki ndi m'mafakitale za mavuto amene mwakumana nawo. Mphunzitsi amene wakhala zaka zisanu ndi zitatu ndi choko m'manja adzakhoza mayesowo mosavuta, pakuti kuwerenga ndi ntchito yathu, koma akapita kukafunsira ntchito ku banki adzafunsidwa kuti adayendetsapo chiyani, ndipo digiriyo siidzamuyankhira. Kumbali ya zaboma, zaka zomwezo za m'kalasi ndi chuma. Iye akudziwa chimene chimachitika lamulo lochokera ku Capital Hill likafika pa sukulu ya zipinda zinayi, ndipo ambiri olemba malamulowo sadziwa. Kwa wotere ndingatchulenso njira yachitatu imene imaiwalika, ndiyo digiri yachiwiri ya zamaphunziro yokhudza ndondomeko, mapulani ndi utsogoleri, imene Yunivesite ya Malawi yakhala ikuphunzitsa ku Zomba.

Koma amene ali kale ndi chigayo, galimoto ya mtengatenga kapena golosale pa Lirangwe, adzifunse kaye ngati ndalama ya fiziyo siingagwire ntchito yoposa itakhala mpamba. Ndipo wofuna kukhala wowerengera ndalama adziwe kuti olemba ntchito amayang'ana kwambiri mayeso a ICAM kapena ACCA kuposa MBA.

Kwa inu amene mwangolemba kumene mayeso a MSCE, nkhani ino ikuoneka ngati yakutali, koma imayambira pa inu. Kawirikawiri munthu salowa maphunziro awiriwa wopanda digiri yoyamba, ndipo onse awiri amafuna masamu. Ambiri amathawira ku zaboma poganiza kuti kumeneko nkongolankhula ndi kulemba, koma maphunziro abwino a ndondomeko ali ndi zachuma ndi ziwerengero zochuluka, ndipo pulogalamu imene ilibe zimenezi muikayikire. Thandizo la maphunziro akunja nalo limafuna munthu wogwirapo ntchito: la Chevening la ku Britain limafuna zaka ziwiri za ntchito, ndiponso kuti wophunzirayo abwerere kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri akamaliza.

Pomwe pachuluka ofuna madigiri pachulukanso ogulitsa madigiri, ena a pa intaneti, olipiritsa m'madola. Safunsa adadya phula. Musanapereke tambala, funsani ku National Council for Higher Education ngati sukuluyo ndi yolembetsedwa, ndiponso ngati pulogalamu imene mukufunayo payokha ndi yovomerezeka, pakuti ziwirizi nzosiyana. Mphunzitsi wa m'boma afunsenso ku ofesi ya zamaphunziro za chilolezo chopita ku sukulu asanayambe, kuti maphunziro a kumapeto kwa sabata asamuyambanitse ndi ntchito imene ikumulipirira fiziyo.

M'gawo lotsatira tidzaona za mtengo wa kuphunzira kwa munthu wapabanja wokhala kumudzi, amene ayenera kukwera minibasi kuchokera ku Lirangwe kupita ku Chichiri Loweruka lililonse.