Sipanala yopanda dzina ni ya aliyense

Foni ikabedwa, tonse timadziwa zocita. Timathamangila kukatseketsa simu, timasintha pini ya mobile money, ndipo ocenjela amakhala kuti analemba kale nambala ya IMEI, ija imaoneka ukadina *#06#. Koma sipanala ikasowa pa galaji, kapena hamala ikasowa pa saiti, timangoti "yayenda", n'kuyamba kuyang'anana na diso loipa. Pamene kwa mnyamata wokonza mamotoka, kapena mtsikana amene anaphunzila za mapaipi, citsulo cimeneco ndiye cimabweletsa ndalama yogulila foniyo. Ife tikuti citsulo ciliconse cimene timadyelapo cikhale na cizindikilo ca mwiniwake, ndipo tileke kucita nazo manyazi.

Yendani mu Alick Nkhata Road ca ku Kalingalinga, kapena mu Katima Mulilo Road ca ku Garden, muone anthu amene akupanga mageti, mafelemu a mawindo, mabedi na makabati m'mbali mwa msewu. Pitani ku Buseko kumene akalipentala amagula mapulanga. Ambili mwa iwo ni a misinkhu yathu. Kucokela mu 2022, pamene ndalama ya CDF inakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, acinyamata ambili alowa m'makoleji olembetsedwa na TEVETA kukaphunzila nchito za manja. Koma setifiketi simanga bauti. Ukatsiliza maphunzilo, zitsulo umagula cimodzi-cimodzi na ndalama ya pisiweki: mwezi uno sowo, mwezi wamawa levulo, gilaindala mwina caka camawa. Cimodzi cikasowa, cimapita na nchito ya tsikulo, ndipo kasitomala amene wakupeza ulibe cogwilila nchito amapita kwa wina osabwelanso.

Tikakamba za kuba, maganizo amathamangila kwa kawalala wothyola loko usiku. Alipo, sitikana. Koma aliyense amene anagwilako nchito pagulu adziwa kuti zitsulo zambili zimayenda masana, dzuwa likuswa mtengo. Masipanala a saizi 13 onse amafanana. Anagulidwa m'mashopu amodzimodzi ku Kamwala kapena m'tauni, anacokela ku fakitale imodzi, ndipo akada na gilisi palibe angawasiyanitse. Madzulo aliyense amatola-tola mofulumila kuti akapeze basi, ndipo ca mnzake cimalowa m'cola mwake mosadziwa. Palinso kubwelekana kwa m'komboni: wabweleka wilibala kwa neba, mlamu wako waitenga kwa iwe, iye waipatsa mnzake amene akuumba mabuloko. Pakapita milungu itatu, wilibala ija ili na eni ake anayi, ndipo aliyense akulumbila kuti ni yake.

Apa m'pamene ena amati, "Kulemba dzina pa hamala ndiye kuti ukutiyesa akawalala?" Ena amati ni kuumila. Ife tikuona mosiyana, ndipo aphunzitsi athu pa nkhaniyi ni amayi athu. Pakagwa malilo kapena pakakhala kitchen party, mapoto, mbale na mabeseni zimacoka m'nyumba zambili kupita pa nyumba imodzi. Tembenuzani mbale iliyonse: pansi pake pali kadontho ka penti kapena zilembo zolembedwa na Cutex. Mwambo ukatha, azimai amakhala pansi, aliyense amatola zake, palibe kukangana. Ndani anawanenapo kuti ni oumila? Cizindikilo cija n'cimene cimawalola kutulutsa poto wabwino kwambili popanda mantha. N'cimodzimodzi na mwana wopita ku boarding: yunifomu, ndowa na thilanki zonse zimalembedwa dzina. Kumudzi ng'ombe amazidinda. N'cifukwa ciani ife amisili tokha timacita manyazi?

Munthu amene anataya zitsulo kawili katatu amasintha mtima. Ukapita kukabweleka, yankho imakhala "ndilibe", pamene ukuciona cili pa benchi. Akulu anati kupatsa n'kuika, koma munthu amaika kumene adziwa kuti adzatenganso. Cizindikilo cimateteza citsulo, koma maka-maka cimateteza mwambo wobwelekana umene oyamba kumene nchito amadalila. Palibe wa ife anayamba na bokosi yodzala.

Nanga tidinde bwanji? Citsulo ciliconse cifunika zizindikilo ziwili: cooneka na cokhalitsa.

Cooneka ni penti. Sankhani mtundu umodzi wowala, kapena mitundu iwili yotsatizana, monga mzele wacikasu na wobiliwila, n'kupaka pa zitsulo zanu zonse pamalo amodzimodzi. Nchito ya penti ni yakuti muzindikile canu muli patali, ndiponso kuti mnzanu aone msanga kuti watola ca wina. Pa galaji kapena pa saiti, gwilizanani kuti aliyense akhale na mtundu wake. Koma penti imacoka na thinner kapena petulo, ndipo imatha na kugwila-gwila, conco paokha si yokwanila.

Cokhalitsa cimalowa m'citsulo mwenimweni. Mapanchi a zilembo na manambala amagulitsidwa m'mashopu a hardware: umaika panchi pa citsulo, n'kumenya kamodzi na hamala mwamphamvu. Amene alibe mapanchi a zilembo angasewenzetse senta panchi kupanga madontho otsatizana mpaka cilembo cioneke. Palinso kamakina kogobela zilembo ka malaiti. Njila ina yochipa ni ya madzi a mcele: pakani Cutex pamalo oyela, ikauma kandani zilembo na singano, mangani waya wa positive wa batili ya 9V ku citsulo, ndipo waya wa negative muumange ku kathonje konyowa na madzi a mcele. Gunditsani thonjelo pa zilembo kwa mphindi zingapo, muli panja popita mphepo. Mukacotsa Cutex, zilembo zimatsala zitadyeka m'citsulo. Pa mpini wa mtengo, msomali wowocha pa mbaula umalemba bwino, koma mpini umagulidwa wina, conco lembaninso pa citsulo ca khasu, fosholo kapena piki.

Kudinda kulinso na malamulo ake. Musakhome panchi pa nkhope ya hamala, pa tupa, kapena kumano kwa chizulo. Malo amenewa ni citsulo colimbitsidwa, cimathetheka, ndipo kacidutswa kangalowe m'diso. Hamala idindeni m'mbali, tupa ilembeni pa cogwilila. Anzathu a zamalaiti musaceke kapena kuwocha pulasitiki ya pa pulayazi na sikuludalaiva, cifukwa ndiyo imaima pakati pa dzanja lanu na shoko. Levulo na sikweya musazimenye, zingapindike n'kuyamba kunama. Zilembeni na kogobela, kutali na mbali yopimila. Masipanala onyezimila ali na khungu la chrome, ndipo pamene mwakanda pangagwile dzimbili, conco pakanipo ka oilo. Pa zolemba, zilembo za dzina lanu na manambala anayi otsiliza a foni n'zokwanila. Nambala yonse ya NRC isayende-yende pa sipanala. Ngati citsulo n'codula, ikaninso kacizindikilo kena pobisika, monga mkati mwa kavala ya dililo, kamene mudziwa inu nokha.

Mukatsiliza, yalani zitsulo zonse pansi mujambule na foni, zizindikilo zikuoneka. Gilaindala, dililo na makina owochelela zili na serial number pa kapepala kapena kacitsulo ka pambali. Jambulaninso pamenepo, pamodzi na lisiti. Tumizani zithunzizo kwa m'bale wanu pa WhatsApp kuti foni ikatayika, umboni usatayike nayo. Ku polisi adzakufunsani kuti, "Mudziwa bwanji kuti n'canu?" Kuyankha kuti "nimacidziwa cabe" sikupita patali. Ngakhale ife pa wailesi, munthu akabwela kuti tilengeze katundu wosowa, cilengezo cakuti "gilaindala yobiliwila" sicithandiza aliyense, cifukwa zilipo zambili-mbili. Koma tikachula zilembo zimene zili pa cogwilila, womvela amene waiona pa msika angatume foni.

Wina adzati, "Kawalala ali na gilaindala nayenso, adzangopala." Zoona, ndipo sitikulonjeza kuti cizindikilo ni loko. Bokosi ifunikabe kukhoma. Koma ganizilani zimene wakuba amafuna: kugulitsa msanga, popanda mafunso. Pa zitsulo ziwili, cina coyela cina codindidwa, adzatola cimene sicimupatsa nchito. Akapala, pamatsala cipsela coonekelatu, ndipo cipsela cimeneco cimalankhula. Funso imene yatsala ni yakuti: kodi wogula adzamvela?

Apa ndiye tidziyang'ane tokha. Zitsulo zobedwa sizipita kumwamba. Zina zimathela kwa ogula sikilapu, koma zabwino zimabwelela kwa ife amisili, cifukwa ndife tokha timazifuna. Munthu amafika pa shedi na dililo m'cola ca pulasitiki, akuchula mtengo umene tonse tidziwa kuti ni wochipa mopitilila, ndipo ife timati ni mwayi. Mwayi umenewo ni misozi ya mmisili mnzathu wa ku Chawama kapena ku Matero, ndipo mawa wogulitsa yemweyo adzanyamula zathu kupita nazo kwa iye. Lamulo nalonso silitiona ngati osalakwa: mu Penal Code, Chapter 87 ya malamulo a Zambia, kulandila kapena kusunga katundu podziwa, olo pokhala na cifukwa cokhulupilila kuti ni wobedwa, ni mlandu. Citsulo cokhala na dzina la munthu wina kapena copalidwa pamalo a dzina, wogulitsa n'kulephela kufotokoza, tisagule. Tikakana ambili, kuba zitsulo kudzaleka kulipila.

Izi sizitanthauza kuti zitsulo za second hand n'zoipa. Ambili a ife tinayambila pamenepo, ndipo sipanala yakale nthawi zambili imalimba kuposa yatsopano yochipa. Amene amaopa kuti akadinda adzalephela kugulitsa tsiku la mavuto asade nkhawa. Pogulitsa, musapale cizindikilo cakale. Lembelanani kapepala ka tsiku, mtengo na maina, mboni isaine, ndipo wogula adinde cake pambali pa cakale. Citsulo cokhala na zizindikilo ziwili na kapepala cili na mbili yomveka kuposa copalidwa.

Pali munthu wina amene cizindikilo cimamuteteza, amene sitimuganizila kawili-kawili: wophunzila nchito. Cinthu cikasowa pa galaji, woyamba kulozedwa cala ni sipanala boi. Amamudula malipilo, amamuthamangitsa, ndipo dzina lakuti kawalala limamutsatila m'komboni monse. Tidziwanso mmene gulu limacitila likamva mfuu yakuti "kawalala!" pa msika: limamenya coyamba, kufunsa pambuyo. Zitsulo zikakhala zodindidwa ndipo zimawelengedwa madzulo alionse, cosowa cimadziwika tsiku lomwelo, ndipo kawili-kawili cimapezeka pansi pa motoka kapena m'bokosi ya wina. Wophunzila nayenso adinde tuzitsulo twake tumene wagula na ndalama yake. Tsiku locoka kukayamba zake, sipadzakhala mkangano na abwana wakuti ici n'ca ndani, ndipo adzasiyana bwino, kuti mawa akapeza nchito yaikulu akathe kubwela kudzabweleka jeki.

Zimene tikupempha n'zazing'ono. Seti imodzi ya mapanchi ingakwanile mashedi onse a mzele umodzi ngati asonkhelana. Isungidwe kwa acheyamani a pa msika kapena kwa mmisili wamkulu amene onse amamukhulupilila. Aphunzitsi a m'makoleji a nchito za manja aike kudinda na kulemba mndandanda wa zitsulo m'sabata yoyamba, pamodzi na maphunzilo a citetezo. Mabungwe na machalichi amene amapatsa acinyamata mabokosi a zitsulo awonjezepo ola limodzi lodinda asanajambule zithunzi za mwambo. Ndipo tikapeza citsulo ca dzina la wina m'cola mwathu, tibweze tsiku lomwelo popanda kudikila kuti atifunse.

Pa Ciwelu cikubwelaci, musanatseke shedi, tengani kacitini ka penti na panchi, muyambile pa citsulo cimene mumabweleketsa kwambili. Ndipo mnzanu akabwela kudzabweleka, mupatseni.