WACIWIRI KWA MTSOGOLERI WA DZIKO: TIM'YESE NDI MUYESO UTI?

Cisankho cikayandikira, atsogoleri a zipani amachula maina a anthu amene adzaima nao limodzi monga aciwiri ao. Dzina likangomveka pa wailesi, mkangano umabuka pa misika, pa zigayo ndi pa mabwalo a mowa. Kwa Amfumu a Mnkhanya m'boma la Mambwe, monganso kwina konse m'Zambia muno, mafunso omveka ndi atatu: anaphunzira kufika pati, banja lake ndi lotani, ndipo akuti ciani za magetsi ndi mafuta? Mafunso onsewa ali ndi malo ake, koma salemera cimodzimodzi. Anthu ambiri amathera mphamvu pa awiri oyambawo, naiwala lacitatu limene likhudza mphika wao tsiku ndi tsiku.

MPANDO UMENE UNASINTHA

Tiyambe ndi mpando weniweniwo. Akulu-akulu akumbukira kuti waciwiri woyamba wa dziko lino anali mwana wa kuno kum'mawa, a Reuben Kamanga, amene anakhalapo kucokera mu 1964 kufikira mu 1967. Mpandowu unathetsedwa mu 1973 pamene dziko linalowa m'ulamuliro wa cipani cimodzi, ndipo unabwerera mu 1991. Kucokera pamenepo Mtsogoleri ankadzisankhira yekha waciwiri wake, ndipo ankatha kum'cotsa tsiku lililonse. A Levy Mwanawasa okha anakhala ndi aciwiri anai pakati pa 2002 ndi 2006: a Enoch Kavindele, a Nevers Mumba, a Lupando Mwape ndi a Rupiah Banda.

Imfa ndiyo inatitsegula maso. A Mwanawasa anamwalira ku Paris pa 19 August 2008, ndipo a Banda anagwirizira mpando kufikira cisankho ca pa 30 October caka comweco, cimene anapambana. A Michael Sata anamwalira ku London pa 28 October 2014, ndipo a Guy Scott anagwirizira kufikira mu January 2015. Kawiri konse dziko linataya ndalama zambiri pa cisankho cadzidzidzi. Cifukwa ca ici, malamulo aakulu a dziko amene a Edgar Lungu anasaina pa 5 January 2016 anakonza njira ina. Tsopano waciwiri amasankhidwa ndi voti imodzimodziyo ya Mtsogoleri. Mtsogoleri sangam'cotse mwa kufuna kwake. Ndipo Mtsogoleri akamwalira, akatula pansi udindo kapena akacotsedwa, waciwiriyo amalumbira natsiriza zaka zotsalazo popanda cisankho cina.

Anansi athu anaziona kale zimenezi. Ku Malawi mai Joyce Banda analowa pa mpando mu April 2012 a Bingu wa Mutharika atamwalira. Ku Tanzania mai Samia Suluhu Hassan anacita cimodzimodzi mu March 2021. Motero munthu akamaconga pa pepala la voti, adziwe kuti wasankha anthu awiri, ndipo waciwiriyo angadzuke m'mawa wina ali mwini dziko.

Palinso nchito zina zimene anthu a m'cigwa ca Luangwa ayenera kuzidziwa. Waciwiri ndiye amatsogolera nchito za Boma m'Nyumba ya Malamulo, ndipo amayankha mafunso a aphungu pamaso pa dziko lonse. Nthambi ya Boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene ambiri aidziwa ndi dzina loti DMMU, ili pansi pa ofesi yake. Mtsinje wa Lupande ukasefukira nukokolola minda, kapena cilala cikapsereza cimanga, thumba la ufa limene limafika pamudzi limadzera m'manja a ofesi imeneyi.

ZA MAPHUNZIRO

Malamulo a 2016 akuti woima monga waciwiri akhale ndi zomuyenereza zonse za Mtsogoleri mwini. Akhale nzika ya Zambia mwa kubadwa kapena mwa makolo, wa zaka zosacepera 35, wolembedwa m'buku la oponya voti, wodziwa bwino Cingerezi, wopanda ngongole ya msonkho yosalongosoka, woulula cuma cake ndi ngongole zake, ndiponso wokhala ndi setifiketi ya Giredi 12 kapena yolingana nayo. Bungwe loyendetsa masankho likalandira mapepala ake, ndiye kuti munthuyo walowa pakhomo. Wina akakayika, njira yake ndi ya ku khoti, osati mphekesera za pa msika.

Koma setifiketi ndi khomo cabe. Cisankho ca 2021 cinatiphunzitsa bwino pamenepa. Mu May caka cimeneco a Lungu a cipani ca PF anachula mai Nkandu Luo, pulofesa wa sayansi ya tizilombo toyambitsa matenda, amene anakhalapo nduna ya zaumoyo ndi ya maphunziro apamwamba. A Hakainde Hichilema a UPND anachula mai Mutale Nalumango, mphunzitsi, amene anaimirira Kaputa m'Nyumba ya Malamulo kucokera mu 2001 kufikira mu 2011, nakhala waciwiri kwa Sipikala zaka zisanu zomalizirazo. Tikadayesa ndi mapepala okha, mkangano ukadatha tsiku lomwelo. Koma anthu anayang'ananso nchito. Acinyamata ambiri anakumbukira kuti mu 2019, mai Luo ali nduna, Boma linaleka kupereka ndalama za cakudya kwa ophunzira a m'mayunivesite. Oikira kumbuyo mai Luo anati nduna iyenera kulimba mtima pamene thumba la Boma lacepa. Otsutsa mai Nalumango nao anafunsa cimene anacita m'zaka zao za unduna pansi pa MMD. Umenewo ndiwo mkangano wabwino, pakuti uyesa zimene munthu anacita atapatsidwa mphamvu. Pamapeto pake a Hichilema anapambana ndi mavoti osiyana pafupifupi 1 miliyoni, ndipo mai Nalumango analumbira pa 24 August 2021.

ZA BANJA

Sicacilendo kuti Akunda afunse za kumene munthu acokera. Ufumu wao umatsata kucikazi, ndipo polonga mfumu, mbumba imakhala pansi kuwerenga mimba ndi mibadwo. Koma mpando wa Boma suli wa cibadwa, ndipo dziko lino linapsa kale ndi funso la makolo. Malamulo a 1996 anati woima pa utsogoleri akhale wa makolo onse awiri amene ali nzika za Zambia mwa kubadwa kapena mwa makolo. Lamulo limenelo linatsekera kunja a Kenneth Kaunda, amene makolo ao anacokera ku Nyasaland. Linatsekeranso a Scott mu 2015, ngakhale anabadwira ku Livingstone mu 1944 ndipo anali atatumikira monga waciwiri zaka zitatu. Kuno kum'mawa, kumene malire anadula mitundu pakati, ndi mabanja angati amene alibe wacibale ku Malawi kapena ku Mozambique? A Rupiah Banda amene anabadwira ku Gwanda m'dziko la Zimbabwe, kumene makolo ao anapita kukafuna nchito. Malamulo a 2016 anacotsa lamulo lija la makolo onse awiri, ndipo sibwino kulibwezanso ndi pakamwa.

Woima akakhala mkazi, mafunso amasanduka ena: ali pabanja kodi, ali ndi ana angati, mwamuna wake anavomera? Amuna oima pa mipando yomweyo safunsidwa zotere. Mai Inonge Wina, mkazi woyamba kukhala waciwiri mu January 2015, anali wamasiye, pakuti amuna ao a Arthur Wina anamwalira mu 1995. Umasiye wao sunawaletse kutumikira kufikira mu 2021. Kukwatiwa kapena kusakwatiwa, kubala ambiri kapena kusabala, sikuonjezera kapena kucepetsa thumba limodzi la ufa wa cithandizo. Mkazi wopanda mwana ali ndi cisoni cake cimene sitiyenera kucitengera pa nsanja ya ndale.

Funso la banja limene lili loyenera ndi limodzi lokha: kodi munthuyu atakhala pa udindo kale, abale ake analemera ndi cuma ca Boma? Kodi nchito za misewu ndi za kugula katundu wa Boma zinapita kwa alamu ndi adzukulu? Pamenepo banja laleka kukhala nkhani ya m'nyumba, lasanduka nkhani ya msonkho wathu. N'cifukwa cake lamulo limafuna kuti woima aulule cuma cake.

ZA MAGETSI NDI NKHUNI

Tsopano tifike pa funso lolemera. Magetsi ambiri a dziko lino, oposa magawo 80 pa 100 m'zaka zapitazi, amacokera ku madzi: ku Kariba, ku Kafue Gorge ndi ku Itezhi-Tezhi. Mvula itakana m'nyengo ya 2023 ndi 2024, Mtsogoleri analengeza pa 29 February 2024 kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, ndipo pofika mu September 2024 malo ambiri ankakhala mumdima maola 21 pa tsiku. Boma linagula magetsi kunja, ku Mozambique ndi kwina, ndipo mu November mitengo inakwera kwa ogwiritsa nchito magetsi ambiri kuti ndalama zogulira zipezeke.

Wina wa kwa Mnkhanya angati: “Ine nyumba yanga ilibe nthambo, za magetsi zindikhudza bwanji?” Zikukhudzani, abale. Cigayo ca magetsi cikaima, amai amayenda mtunda ndi thumba pamutu kufuna ca dizilo, cimene mtengo wake umatsata mtengo wa mafuta. Ndipo kucokera mu December 2021 Boma linaleka kulipirako pa mtengo wa mafutawo. Furiji ya pa cipatala ikazima, mankhwala a katemera amaonongeka. Malo ogona alendo odzaona nyama ku South Luangwa, kumene ana athu ambiri amagwira nchito, amadya phindu lao pogula dizilo. Koposa zonse, magetsi akazima m'matauni, anthu a kumeneko amayatsa mbaula, ndipo makala ake amacokera m'nkhalango za kumidzi. Mitengo ya tsanya ikatha pafupi ndi mudzi, mai wofuna nkhuni amalowa kutali m'thengo kumene akumana ndi njobvu. Nthambo zikulu zocokera ku Pensulo zimadzera kwa Msoro, m'boma lathu lomwe lino, popita ku Chipata, koma midzi yambiri ya pansi pake ikali kuphikira pa mafuwa.

Njira zimene andale amachula zili ndi ubwino ndi kuipa kwake. Malasha a ku Maamba akhala akupereka mamegawati 300 kucokera mu 2016 ndipo sayembekeza mvula, koma utsi wake umaipitsa mlengalenga. Damu la Kafue Gorge Lower la mamegawati 750 linatsegulidwa mu 2023, koma linamangidwa ndi ngongole, ndipo nalonso limamva cilala. Magetsi a dzuwa, monga a ku Chisamba a mamegawati 100 otsegulidwa mu 2025, amamangidwa msanga ndipo angaikidwe pa sukulu ya pamudzi popanda kudikira nthambo, koma dzuwa likalowa amafuna mabatire odula. Kuletsa makala kumapulumutsa mitengo, koma kumalanda ndalama banja limene cimanga cake cadyedwa ndi njobvu. Walira mvula walira matope. Woima amene alonjeza magetsi ochipa, osazima, opanda ngongole ndi opanda utsi, zonse pamodzi, sakunena zoona.

Ena anganene kuti waciwiri alibe mfundo zakezake, amangotsata za cipani ndi za Mtsogoleri. Zoona ndithu. Koma munthu amene angalandire dziko usiku umodzi ayenera kudziwa kufotokoza mfundozo ndi pakamwa pake, osawerenga pa pepala. Ndiponso cilala cimene cimazimitsa magetsi ndico comwe cimabweretsa njala, ndipo njalayo imagwera pa tebulo la ofesi yake.

ZOFUNSA PA MSONKHANO

Tsono oima akadzafika ku Mfuwe, ku Masumba kapena kwa Jumbe ndi magalimoto ndi zitenje, mafumu, nduna za mafumu, magulu a amai ndi a macalichi akonzeretu mafunso. Ndi sukulu ziti ndi zipatala ziti za m'boma lino zimene zidzalandira magetsi, ndipo caka citi? Ndalama zake zidzacokera ku bungwe lofikitsa magetsi kumidzi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, kapena ku thumba la citukuko la CDF, limene linakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022? Wootcha makala akaletsedwa, adzadya ciani? Cilala cina cikadza, cigayo ndi pampu ya madzi zidzayenda ndi ciani? Ufa wa cithandizo udzafika mitsinje isanadzale kapena itadzala kale?

Safunsa anadya phula. Setifiketi isiyireni bungwe la masankho ndi makhoti. Za ukwati ndi ana zisiyireni eni nyumba. Inu gwirani funso la nchito zimene munthuyo anacita kale, ndi la moto umene udzaphika nsima yanu. Woyankha bwino mafunso amenewa ndiye woyenera kukhala pafupi ndi mpando waukulu wa dziko lathu.