Kwa Nduna ya Zaumoyo: Si Chifuwa Chilichonse Chili TB

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kuchokera ku Namitambo, m'boma la Chiradzulu, mtima uli wowawa.

Achimwene anga, omwe akhala pa ma ARV zaka zambiri, anayamba kutsokomola mu Malichi 2023. Makhololo anayezedwa kawiri, TB osapezeka, komabe anawaika pa mankhwala a TB miyezi 6. Sanadumphitse ngakhale tsiku limodzi, wochonga m'buku ndinali ine. Thupi linkangotha, thukuta la usiku kunyowetsa mphasa. Kenako tizilonda tinabuka kumaso ndi pachifuwa, m'mudzi anthu n'kuyamba kunong'ona kuti awalodza. Titabwerera kuchipatala anawabwezeretsa pa mankhwala omwe aja. Mu 2024 tinagulitsa mbuzi zitatu kuti kachikopa ka pachilonda kakayezedwe ku labu yolipira. Anapeza histoplasmosis, matenda a fangasi amene munthu amawapumira m'fumbi la dothi losakanikirana ndi zitosi za mileme ndi mbalame. Amayambira m'mapapo ngati TB yeniyeni, ndipo chitetezo cha m'thupi chikatsika amafalikira mpaka pakhungu. Chaka chathunthu munthu akumeza mankhwala a matenda amene alibe!

A Nduna, zimenezi mukuzidziwa. Mu 2019 bungwe la WHO linaika choyezera matendawa pamndandanda wa zoyezera zofunika, ndipo mkodzo wokha umakwana. Mu 2020 linatulutsa malangizo a kachizidwe kake kwa anthu omwe ali ndi HIV. Mu Okutobala 2022 linatchula Histoplasma pakati pa mafangasi ofunika kuthana nawo msanga. Nanga ife tidikire mpaka liti?

Kuno ku Chiradzulu ndi kumene madokotala a bungwe la MSF anayamba kupereka ma ARV mu 2001, boma lisanayambe kugawa aulere m'dziko lonse mu 2004. Tinadzionera ndi maso anthu otheratu akudzuka n'kugwiranso khasu. Omwewo tiwaike m'manda lero chifukwa chosowa choyezera mkodzo?

Chonde fikitsani choyezerachi m'zipatala za m'maboma. Aphunzitseni madokotala kuti mankhwala a TB akakanika, khungu n'kutuluka zilonda, aziganizirako za fangasi. Tiganizireninso pa itraconazole, amene wodwala amayenera kumwa chaka chonse kapena kuposa. Ife timakagula tokha ku Limbe, mtengo wa minibasi pamwamba. M'khola mwatsala mbuzi ziwiri, ndipo makapisozi amene tili nawo atha Lachisanu likudzali.

Ine wanu,
Mlongo wa wodwala, Namitambo